Makombola a Alamu ndi Galu wa Bambo

Makombola ndinayamba kuwamva pa Khrisimasi ina matipate atangobwera kumene, ine ndili folomu thu. Anabwera nawo ndi alamu anga, amuna awo a achemwali anga aakulu, amene ankayendetsa thiraki yopita ku Zambia. Titabwerako ku Misa ku Ludzi, anatulutsa kabokosi kofiira m'chikwama.

"Lero muona za ku Chipata," anatero akuseka.

Bambo anali ndi galu wamkazi wakuda, wosaopa kanthu. Anyani m'munda ankawapirikitsa yekha, koma pakhomo anali wofatsa moti nkhuku zinkadya naye mbale imodzi. Sabata imeneyo anali ataswa tiana tisanu kunsi kwa nkhokwe.

Alamu anayatsa khombola loyamba pabwalo, dzuwa lili paliwombo. Phuu! Nkhunda zonse balala! Ife tinakuwa mokondwa, iwo n'kumayatsa ena motsatizana. Galu uja anatuluka akunjenjemera, mchira uli pakati pa miyendo, mkodzo ukungochucha. Anazungulira nyumba kawiri, n'kubwereranso kwa ana ake. Ndisaname, nanenso ndinaseka.

Amayi ndiwo anakodola achemwali. "Iwe, kawauze amunako aleke. Simukumva mmene akulirira galuyo?"

Ataleka, kunkhokwe kunali zii. Ndinagwada n'kusuzumira. Tiana titatu tinali titafa, magazi ali m'khosi. Kachinayi kanali kukamwa kwa make, akukapukusa ngati khoswe. Ndinafuula.

Bambo anathamangira komweko, nagwada pambali panga. Anaimba likhweru lomwe ankamuitanira masiku onse, n'kutambasula dzanja kuti amugwire. Galu anataya kamwana kaja, n'kuwaluma pachikhatho mpaka mano kulowa.

Bambo sanakuwe. Anangokhala pansi padothi, maso ali padzanjalo.

"Wandiluma ine?" anatero chapansipansi. "Ineyo?"

Alamu anawakweza panjinga kupita nawo kuchipatala. Asanabwereko n'komwe, anthu oyandikana nafe anali atadzaza pakhomo, ena atanyamula zibonga.

"Chiwewe chimenecho! Aphedwe asanalume ana athu!"

Amayi anaima kutsogolo kwa nkhokwe. "Mwini wake kulibe. Dikirani abwere."

Bambo atabwera, dzanja lili m'bandeji, anakana zoti galuyo aphedwe. Anamukola ndi chingwe, n'kumumangirira pamtengo wa mango. Alangizi a ziweto anadzamuona kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo anati si chiwewe ayi, ndi mantha chabe. Ine sindinamvetse. Mantha angadyetse mayi ana ake?

Kamwana kachisanu kotsalako, make anakakaniratu kuyamwitsa. Amayi ankakamwetsa mkaka wa mbuzi ndi supuni, koma sikanathe sabata. Galuyo anakhalabe nafe zaka zina ziwiri. Munthu akangomenyetsa chitseko, iye ankathawira m'munda wa fodya n'kukabisala tsiku lonse.

Makombola otsala alamu anakawaponya m'chimbudzi mmawa mwake mwa Khrisimasi ija, popanda wowauza. Khrisimasi yotsatira anangotumiza achemwali ndi ana, iwo akuti ali pa ulendo.