Chitenje chimene ndinaberekera Tadala pa phiri la sinowo

Ndine mayi amene ndinathyola mwendo wa mwana wanga ndi thupi langa lomwe. Sindinamumenye, sindinamuponye pansi. Ndinangomubereka kumbuyo monga momwe ankandiberekera amayi anga ku Ntcheu, koma ndinamuberekera pamalo olakwika. Papita zaka ndithu koma nkhaniyi imandidyabe mumtima, ndiye ndati ndikuuzeni inu owerenga, makamaka inu amene mukulerera ana kunja kuno, kuti mwina wina angapulumukirepo.

Ndinabwera ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, kutsatira amuna anga. Tinkakhala ku North York, mumzinda wa Toronto, m'nyumba zosanja zija, ife tili pamwamba penipeni, ndipo ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba. Nyengo yozizira yoyamba inandikhaulitsa. Ndinkangoti kuntchito, kunyumba, kuntchito, kunyumba, ngati nkhuku ya m'khola. Anzanga a kuntchito ataona kuti ndikufota, ananditengera ku phiri lina kumpoto kwa Toronto kukaphunzira masikii.

Kwa amene simukuwadziwa, masikii ndi timatabwa tiwiri tatitali, phazi lililonse ndi kake, timene munthu amatsetsereka nato pa sinowo, chipale chofewa chija chimagwa nyengo yozizira, atayang'ana kutsogolo. Ndinagwa mpaka matako kuchita dzanzi, koma pofika chaka chachiwiri ndinali nditazolowera. Kenaka ndinayamba kusirira sinobodi. Iyi ndi thabwa limodzi lotambalala, mapazi onse awiri amamangidwa pamenepo, ndipo munthu amatsika chammbali. Ndinkaona atsikana a kuntchito akuwuluka nayo, ine nkumati kodi iwowa ali ndi chiyani chimene ine ndilibe? Ndinasiya masikii, ndinagula sinobodi yanga yofiira, ndipo kunena zoona ndinayamba kudzimva. Pamisonkhano ya Amalawi anthu ankandiloza kuti mayi uja wa sinobodi ndi ameneyo, ine mapewa nkumakwera.

Mwana wathu Tadala anabadwira konkuno. Pamene ankakwanitsa zaka zinayi anali atasiyiratu kuyankha m'Chichewa. Ndikamuyankhula ankamva bwinobwino, koma yankho linkabwera m'Chingerezi basi. Zinkandiwawa, ngakhale sindinkauza munthu. Ndinkaona ngati mwanayu akundipulumuka m'manja, akulowa m'dziko limene ine ndine mlendo. Choncho pamene anzake a ku sukulu ya mkaka anayamba kupita kukaphunzira masikii, ndinati ameneyu ndimuphunzitsa ndekha. Amuna anga anati timulembetse kwa aphunzitsi a kuphiriko, poti ndiyo ntchito yawo. Ndinakana. Mwana wanga aphunzitsidwe ndi mlendo ine ndilipo, wodziwa kale?

Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale, bambo ake ali kuntchito, tinapita awiriwiri. Pamalo obwereketsa zipangizo panali mayi wina wachikulire, waimvi mutu wonse, amene anamuyeza Tadala nsapato, timasikii ndi chisoti cholimba choteteza mutu. Ataona sinobodi yanga anandifunsa ngati ndine ndikamuphunzitse mwanayo. Nditavomera, anandilangiza mwaulemu kuti kwa tsiku limenelo ndibwereke masikii. Anati kholo likavala masikii limatha kumuyika mwana pakati pa miyendo, limatha kuyenda, kutembenuka ndi kumutola akagwa, pomwe pa sinobodi munthu amakhala womangidwa miyendo. Ndinamuthokoza ndi pakamwa pokha. Mumtima ndinkati gogo ameneyu waona khungu langa, akuganiza kuti sinowo ndayiona dzulo. Komanso, ndisakubisireni, panali patapita zaka zitatu ndisanavale masikii, ndipo ndinkaopa kukagwa pamaso pa mwana wanga.

Pa kaphiri ka ana zinayamba bwino. Ndinamuphunzitsa kulozetsa nsonga za masikii pamodzi kuti apange chimene ana a kuno amachitcha pitsa, ndiyo njira yochepetsera liwiro ndi kuima. Koma zimene ananena mayi uja ndinayamba kuziona. Tadala akagwa, ine ndinkayenera kukhala pansi, kumasula phazi, kudumphadumpha ngati chule mpaka ndimupeze, kenaka kumanganso. Makolo anzanga a masikii ankangodutsa ndi ana awo pakati pa miyendo, akuseka. Apa mpamene ndikanabwerera kukasintha. Malo obwereketsa aja ndinkawaona ndi maso, koma manyazi okakumananso ndi mayi waimvi uja anandigwira.

Tadala atatsika kanayi osagwa, mtima wofuna kudzionetsera unandipeza. Ndinamutenga kukakwera mipando yoyenda pachingwe ija, yopita pamwamba pa phiri lalikulu. Ali pampando ankasangalala, akuloza mitengo ndi anthu pansi. Titatsika pamwamba paja nkuona kutsetsereka kwake, mwana anauma. Anakhala pansi nkuyamba kulira. Ndinanyengerera, ndinakalipa, ndinalonjeza chokoleti, koma ayi ndithu. Mphepo inkawomba, zala zake zinali zitazizira, ndipo njira yotsikira inali imodzi yomweyo.

Kenaka anakweza manja ake awiri nkunena, m'Chichewa chomveka bwino, "Amami, ndiberekeni."

Inu owerenga, mawu amenewo ndinali ndisanawamve kwa chaka chathunthu. Nzeru zonse zinandithawa. M'chikwama changa simunkasowa chitenje, monga mayi aliyense wa kwathu. Ndinamuvula timasikii take, ndinawerama, iye anakwera, ndipo ndinamanga chitenje pamwamba pa jekete, mfundo pachifuwa. Anasiya kulira nthawi yomweyo. Bambo wina amene ankadutsa anaima nkundiuza kuti ndisatero, pali anthu othandiza amene angatitsitse pa ngolo yawo. Ndinamuyankha kuti kwathu timabereka ana tikukwera mapiri, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Zinali zoona, koma kwathuko mapazi amakhala omasuka.

Chimene aliyense wa sinobodi amadziwa, ndipo inenso ndinkachidziwa, nchakuti m'mphepete mwa thabwa mukakola sinowo kumbali ya zidendene, munthu amagwa chagada, mwadzidzidzi, popanda mpata woponda pena. Pa masikii ukapepesuka umatha kutambasula mwendo. Pa sinobodi mwendo woti utambasule palibe. Ndinatsika pang'onopang'ono, timasikii take tili m'manja, koma kulemera kwa mwana ndi nsapato zake zija kunkandikokera kumbuyo. Sitinafike ndi pakati pomwe. Ndinangomva thabwa lakola, thambo lili pamaso panga, ndipo thupi langa lonse linagwera pa mwana wanga.

Chisoti chinateteza mutu wake, koma mwendo umene unazungulira m'chiuno mwanga unathyoka pantchafu. Chimene sindidzaiwala ndi chakuti sindinathe kudzuka msanga. Mapazi omangidwa kuthabwa, mwana womangidwa kumsana, mfundo ya chitenje yakana kumasuka chifukwa cha magolovesi. Ndinagona pamwamba pake akukuwa, mpaka anthu anabwera kudzadula chitenjecho ndi mpeni.

Kuchipatala anamuika pulasitala kuyambira pachifuwa mpaka kuphazi. Madokotala atamva mmene zinachitikira anayang'anana, ndipo tsiku lomwelo kunabwera mayi wa ku ofesi yoteteza ana. Sanandikalipire. Ankangofunsa modekha nkumalemba. Kodi munachenjezedwa? Ndinavomera. Kangati? Kawiri. Ndinayesa kufotokoza kuti kubereka mwana ndi chikondi, ndi mmene timatonthozera ana kwathu. Anati akumvetsa, ndipo analembanso.

Anagamula kuti pamene akufufuza, ndisamakhale ndi Tadala ndekha popanda munthu wina wamkulu. Taganizani, mwana amene ndinamuyamwitsa ndekha. Amuna anga sakanasiya ntchito, ndiye alamu anga, achemwali awo a bambo a Tadala, anachoka ku Hamilton kudzakhala nafe. Ndi munthu wabwino, sanandinenepo mawu oipa, koma ankati akafuna kutsika kukachapa zovala m'chipinda cha pansi, ankayenera kudikira kaye kuti amuna anga abwere kuti ine ndisatsale ndekha ndi mwana, kapena asiye kuchapako. Ndikamusambitsa mwana ndi kansalu, iwo ali chiimire pakhomo. Ntchito ndinaimitsa. Kutchalitchi ndinasiya kupita, chifukwa nkhani inali itafika kale, ndipo amene ankanditcha mayi wa sinobodi aja tsopano ankanong'onezana. Milungu isanu ndi iwiri tinatsekeredwa m'nyumba ija, mwana ali gone chagada ngati kamba wogadabuzidwa, ine ndikuyang'ana sinowo pawindo. Amayi anga akaimba foni ndinkawauza kuti tonse tili bwino.

Tsiku lina ndikumupukuta, Tadala anandifunsa m'Chingerezi ngati anthu a boma aja adzamutenga chifukwa choti iye analira paphiri. Mwana wa zaka zinayi ankaganiza kuti mlandu ndi wake. Ndinamuuza kuti wolakwa ndine, ndipo ndinakalirira kubafa.

Patatha miyezi inayi anatseka nkhaniyo, alamu anga anabwerera kwawo. Fupa linalumikizana, mwana anaphunziranso kuyenda. Chaka chotsatira bambo ake anamulembetsa kwa aphunzitsi a kuphiri komwe kuja, ndipo lero amatsetsereka kuposa mmene ine ndinkachitira. Sinobodi yofiira ija ndinapatsa mnzanga wa kuntchito. Ndikamuperekeza ndimavala masikii, ndimatsika pambuyo pake pang'onopang'ono, ndipo ndikagwa ndimadzuka popanda manyazi. Mayi waimvi uja ndinakamupepesa. Mawu a akuluakulu amakomadi akagonera.

Tsono inu owerenga, ngati mukufuna kuphunzitsa mwana wamng'ono masewera amenewa, musamange mapazi anu pathabwa limodzi, ngakhale mutalidziwa bwanji. Valani masikii, kapena yendani pansi ndi nsapato, kapena mupatseni mwanayo kwa odziwa ntchitoyo. Akakana kutsika, khalani naye pansi muitane othandiza, palibe amene adzakusekeni. Ndipo mwini dera akakuchenjezani, yambani mwamva musanaganize kuti akukunyozani. Chitenje si cholakwa, ine ndine ndinachitengera pamalo pamene sichikanatha kuteteza mwana.

Boma linandibwezera mwana wanga, koma pali chimodzi chimene sichinabwerere. Chilimwe chotsatira tikuchokera kupaki, Tadala anatopa nkuyamba kutsalira m'mbuyo, kamwendo kaja akukakoka pang'ono. Ndinawerama patsogolo pake monga kale, nkumuuza kuti akwere. Anayang'ana msana wanga kwa kanthawi, kenaka anabwerera m'mbuyo nkunena m'Chingerezi kuti ayenda yekha. Kuyambira pa phiri paja mpaka lero, sanandiuzenso kuti ndimubereke.