Anamwino Amene Ndinkayesa Akundithamangitsa

Ndinali nditangokhala miyezi iwiri ku Mbamba Bay, ku Tanzania, pamene zinandichitikira. Ndinachokera ku Nkhotakota kudzagula usipa, umene kuno amati dagaa, n'kumauyanika n'kugulitsa kwa amalonda a ku Mbinga. Chiswahili changa chinali cha pamsika basi, kufunsa mtengo ndi kukana mtengo.

Tsiku limenelo ndinkachokera ku Lipingo masanasana, dengu lili pamutu. Pamene njira imadutsa m'minda ya chinangwa, mwamuna wina wosamudziwa ananditsatira n'kundigwiririra. Zambiri sindinena, ndi zanga.

Ndinadzitsekera m'chipinda masiku awiri. Mwini nyumba imene ndinkachita lendi anali mayi wachikulire wa konkuno, amene unyamata wa malemu amuna awo unathera ku Malawi, choncho Chichewa anachiphunzira kwa iwo. Anagogoda mpaka ndinatsegula. Nditawauza, sanandifunse chimene ndinkayendera ndekha. Anangoti, "Mwanawe, vala. Mankhwala oteteza ku kachilombo amafunika kuyamba pasanathe masiku atatu. Latsala ndi lero lokha."

Kuchipatala amayiwo ananong'oneza namwino wina wamtali, ndipo iye anandilowetsa m'chipinda osandiimika pamzere. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Dada, umechoka. Umechoka sana."

Ine ndinamva liwu limodzi lokha: choka.

Abale inu, mtima wanga ndi wapachala chibadwire. Manyazi onse a masiku awiri aja anasanduka ukali. Ndinadziuza kuti awa aona mlendo wodetsedwa, ndiye akundipirikitsa ngati galu. Ndinakalipa m'Chichewa, "Chabwino, ndikuchokadi! Mankhwala anuwo khalani nawo!" Ndinatuluka osacheuka. M'mutu mwanga ndinali nditakwera kale boti lobwerera kwathu, kaya ndikadwala kaya ndikafa.

Ndili pageti wina anandikoka chitenje mwamphamvu. Anali amayi aja, atathamanga ngakhale mawondo ankawavuta, wefuwefu.

"Iwe mwana wopusa iwe! Kuchoka kwa kuno ndi kutopa! Akuti watopa, akukumvera chisoni!"

Kumbuyo kwawo anamwino aja ankabwera chothamanga, kapu ya madzi dzanja lino, piritsi dzanja linalo. Ndinaseka, kenako kuseka kuja kunasanduka kulira, ndipo piritsi loyamba ndinamwera pageti pomwepo.

Mankhwalawo anali a masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, ndipo ankandichititsa nseru koopsa. M'mawa uliwonse amayi ankandiimirira pakhomo mpaka nditameza. Ndikanyinyirika ankati, "Kamwa yotukwanira anamwino unali nayo, ya piritsi ndiye ikusowe?" Usipa wanga ankandiyanikira pamodzi ndi wawo. Kupolisi anandiperekezanso. Munthu uja sanapezeke mpaka lero, ndipo zimenezo zimandiwawabe, sindinama.

Anamwino anandilowetsanso m'gulu la amayi asanu amene ankakumana Lachitatu lililonse kuseri kwa chipatala. Onse zinawaonekera ngati zanga. Poyamba sindinkamva zambiri. Koma panali mawu atatu amene ankauzana kawirikawiri, mpaka ndinafunsa tanthauzo lake. Si kosa lako. Kutanthauza kuti wolakwa si iwe. Ndinkawanena ndekha pochapa, potunga madzi, mpaka ndinayamba kuwakhulupirira pang'ono.

Patatha miyezi itatu linafika tsiku lokayezetsa magazi. Amayi anakana kundiperekeza, ati ali ndi zochapa zambiri, ndipo ndinawakwiyira njira yonse. Nanga akandiuza m'Chiswahili ine n'kumvanso zokhota? Ndinakhala pabenchi n'kumadikira.

Anamwino anandiitana, n'kutseka chitseko. Anatulutsa kapepala m'thumba la yunifolomu. Ndinazindikira zilembo zopendama za amayi aja. Kani dzulo lake anamwinowa anawatumizira uthenga kuti awalembere mawu a Chichewa, a mbali zonse ziwiri, kuti kaya zotsatira zikhale zotani ndizimve m'chilankhulo changa. Anatembenuza kapepalako, n'kuwerenga pang'onopang'ono, lilime likuwakanika ngati mwana wa sitandade wani:

"Achemwali. Mulibe kachilombo. Muli bwino."

Ndinawapempha kuti abwerezenso, ndipo anabwereza katatu. Ndinagwada pansi n'kuwagwira miyendo, iwo n'kumandidzutsa akuseka, misozi ili mbwembwembwe. Ndinafuna kuwathokoza m'Chiswahili koma mawu onse anandithawa, ndiye ndinangoti zikomo, ndipo anamva.