Boti la atate alipima lelo

Muli bwanji nonse.

Ba Chanda, ofuna kugula boti la thanga la malemu atate, abwela kunyumba kwa amai ku Chelstone. Aligogoda ndi kahamala mbali zonse akumvetsela, ndipo akuti palibe thabwa lowola. Boti la nthawi ya chipani chimodzi, abale! Ine kunyada ngati ndinalikhoma ndine.

Atafunsa za thanga, amai awauza kuti lili kumalilo kwa aneba, likuchinga anthu dzuwa. Ba Chanda akuti popanda thanga mtengo utsika kwambili. Amai akuti malilo onse a mumsewu muno amakhala pansi pa thanga la amuna awo, silichoka.

Mukuti bwanji, tigulitse lopanda thanga? Wofuna kuti thangalo lipite abwele adzawauze yekha amai.