Chitsime Chimene Ndinaloza

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinakumbitsa bambo anga chitsime pamalo opanda madzi. Nkhaniyi ndinali nditaikwirira, koma inadzafukuka kuno ku Doha, ku Al Messila, kumene ndimasamalira maluwa panyumba ya azungu ena. Nthawi ya COVID, tonse titatsekeredwa mumpanda, madamu anayamba kuwerenga za ma-ley line. Akuti ndi mizere yosaoneka yolumikiza mapiri ndi malo akale opembedzerapo, ndipo m'mizeremo mumayenda mphamvu ya dziko. Tsiku lina anandigwiritsa mawaya awiri opindika kuti ndiyende nawo mugadeni, tione ngati mzere wina wadutsa pamenepo. Masiku amenewo anzathu ambiri makontirakiti ankawathera m'manja, ndiye kusangalatsa abwana inali nzeru. Koma ine ndinawauza kuti sindikumva kanthu. Mawaya oterowo ndinali nditawagwirapo kale.

Kwathu ndi ku Ntchisi. Chaka chimenecho chilimwe chinavuta, zitsime za kudambo zinaphwa, ndipo amayi ankapita kukatunga madzi kutali ali ndi pakati. Bambo anaitana a Tchale, mkulu wina wodziwika ndi kufufuza madzi ndi mawaya. A Tchale ankati nthaka ili ndi misempha ngati munthu, ndipo msempha wa kwathu umachokera kuphiri, kudzera pachulu, kukathera pamkuyu. Anayendayenda m'munda mwathu mpaka thukuta kamukamu, mawaya ali duu. Kenaka anamva kuti ine ndinabadwa mapasa ndipo mnzanga anamwalira ali wakhanda. Basi, anati mwana wotere nthaka amaimva bwino, poti theka lake lili kale pansi.

Ine ndinali kamwana konyentchera, kosasankhidwa ngakhale pampira. Lero mudzi wonse maso pa ine! Atandigwiritsa mawayawo, ndinayenda wopanda nsapato, dothi likuwotcha, ndikudikira kuti ndimve chinachake. Sindinamve kanthu, koma njala basi. Nditafika pafupi ndi chulu ndinaona kuti anthu ayamba kutopa nane, ndiye ndinakankha mawaya aja ndi zala zazikulu, mawayawo n'kupingasana. Amayi ena analulutira. A Tchale anakhoma chikhomo, analandira tambala wawo, ulendo.

Bambo anayamba kukumba m'mawa mwake. Tsiku loyamba ndinkayenda monyada ngati mwana wa mwini sitolo. Pofika tsiku lachisanu dothi linkatuluka lofiira, louma ngati ufa, ndipo mutu wa bambo sunkaonekanso kunja. Madzulo ankatuluka ndi matuza ophulika m'manja, akuyenda chowerama. Chakudya chinasiya kundilowa. Ndinkaopa kuti dzenje liwagumukira, ndipo ndikhala ndawapha ndine.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, masana, ndinapita m'mphepete mwa dzenje pali iwo okha. Fungo la dothi lotentha linkakwera pamodzi ndi kulira kwa piki. Ndinagona chafufumimba n'kuwauza zonse, mamina ali chuchuchu. Ndinkayembekeza mkwapulo, ndipo kunena zoona ndinkaufuna.

Anasiya piki, n'kuyang'ana kumwamba.

“Zala zako ndinaziona tsiku lomwe lija,” anatero.

“Nanga ababa, mukukumbiranji?”

“Mudzi wonse unakuona ukuloza. Ndikanakana pamenepo, dzina lako likanakhala wabodza mpaka imvi. Ndikumba mpaka ndipeze mwala, anthu adzati mwala ndi umene watikaniza.”

Sanakweze mawu. Anangowonjeza kuti kuyambira nthawi imeneyo ndowa ya dothi ndizikoka ndine, osati malume amene ankaikoka masiku onsewo. Ndinaikoka masiku atatu, chingwe chikundisupula m'manja, ndipo ndowa iliyonse ndinkaimva kulemera kwake. Tsiku lachitatulo piki inalira pathanthwe. Anthu anabwera kudzasuzumira, anapukusa mitu, n'kumati msempha ulipo ndithu koma wabisala pansi pa mwala. Dzenje lija tinadzaliphimba ndi mitengo n'kumangapo chimbudzi. Amayi anapitiriza kutunga kutali mpaka mvula inagwa.

Za misempha ya nthaka, kaya mizere ya madamu, sinditsutsa ndipo sindivomereza. A Tchale m'midzi ina madzi ankawapeza, kwina ankalephera, ngati mmene amachitira aliyense wokumba. Munthu akafuna kukhulupirira kuti pansi pamene waima pali mphamvu, ine ndilibe naye mlandu. Chimene ndinamvetsa n'chakuti wonena kuti “ndamva” si amene amatsika m'dzenje. Amatsika ndi wina, ndipo kawirikawiri amakhala munthu amene amakukonda.

Msana wa bambo sunawongokenso bwinobwino. Za bodza langa lija sanauze munthu aliyense, ngakhale amayi. Anamwalira ine ndili kuno, ndege zitaima, ndipo maliro awo ndinaonera pafoni. Kumudzi mpaka lero amati linali thanthwe.