Pulagi Yakuda ndi Girizi wa Ababa

Kwathu ku Kawale, kuseri kwa nyumba, kuli kashedi ka malata momwe munkagona njinga yamoto ya Ababa. Njinga imeneyi ndi imene ankayendera m'midzi yozungulira Lilongwe pokonza mijigo, ndipo ndi yomweyo anandiphunzitsira kuyendetsa pabwalo la mpira ndili mtsikana, Amayi akudandaula kuti mwana aguluka mano asanakwatiwe. Maso a Ababa atasiya kuona, njinga ija inalowa m'shedi n'kukhalamo zaka zisanu ndi ziwiri osalira. Komabe m'mawa uliwonse ankapapasa khoma mpaka kukaipeza, n'kuipukuta thanki ndi kansalu.

Kenaka achimwene anga aakulu anabwera ndi maganizo a nkhuku. Achimwenewa ndimawakonda, koma ndi munthu woti akalota bizinesi, kukacha nyumba yonse iyenera kusuntha. Anati shedi isanduke khola, njinga ipite kwa ogula zitsulo zakutha a ku Mgona, ndipo anali atawauza kale kuti abwere ndi ngolo Loweruka. Ababa anangopinda kansalu kawo kaja n'kukaika m'thumba. Zinandipweteka, ndipo ine zikandipweteka pakamwa sipatsekeka.

"Achimwene, njinga ija sinafe. Ikungogona."

"Iwe mlongo wanga, ndiwe telala, dziwa za ulusi," anatero akuseka. "Ndinabwera ndi makaniko dzana. Akuti pulagi yokhayo ikugonjetsa."

Pulagi ndi kachitsulo kamene kamathetheka moto m'kati mwa injini. Imalowa mopotoza ngati bawuti, ndipo ikakhalitsa imagwirana ndi hedi, mutu wa injini, womwe ndi chitsulo chofewa chonga cha mapoto. Ukaikakamiza imathyokera m'katimo, kapena imatuluka itakokolola mazinga onse, basi injini yatha. Makaniko uja anati pambuyo pa zaka zonsezi palibe angaimasule.

"Ikalira pofika Loweruka, nkhuku ndikazifunira kwina," anatero achimwene. "Ikapanda kulira, ikwera ngolo."

Ndinavomera ndisanaganize, monga mwa khalidwe langa. Lolemba ndinafunditsa makina anga osokera, madiresi a eni ake n'kudikira. Ababa anakhala pa kampando pakhomo la shedi, ine pansi, iwo pakamwa ine manja. Tinakhuthula petulo wakale amene ankanunkha ngati penti. Tinasintha oilo. Kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, ndinatsukira m'beseni la Amayi, ndipo za beseni limenelo mpaka lero nkhani yake sinathe. Zonsezi ndinkachita ndikuzemba pulagi, ngati mwana wosiya mankhwala owawa kuti amwe pomaliza.

Lachitatu m'mawa Ababa anati, "Lero timasule pulagi. Koma kumbuka, pulagi amamasula injini ili yozizira."

"Ababa, yazizira zaka seveni. Mukufuna izizire bwanjinso?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine sindinaseke. Ndinalowetsa sipanala, ndinapuma, ndinakoka pang'onopang'ono ndikudikira kumva kuti thyo! Koma inangoti kwee, n'kuyamba kuzungulira. Nditapotoza kawiri ndinachotsa sipanala, kotsalako ndinamaliza ndi zala, ngati ndikutsegula botolo. Ndinakuwa mpaka Amayi anatuluka ndi chipande m'manja poyesa ndaona njoka.

M'mazinga a pulagi ija munali kanthu kofiirira konyezimira. Ababa anaitenga, anaisisita ndi chala chachikulu, anainunkhiza, nkhope yonse n'kuwala.

"Ndinaipaka ine," anatero. "Girizi wa kopa. Makaniko wa achimwene akowo ankayamwa ine ndikupaka kale."

Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri, chifukwa Ababa akayamba kufotokoza saimika. Anati alipo amene amapaka mafuta ophikira, ena mafuta odzola, ena oilo wakuda wotsala mu injini. Zonsezo zikakumana ndi moto zimapserera n'kusanduka makala, ndipo m'malo moteteza zimamata. Girizi wa kopa yekha, ngakhale mafuta ake aume, tizidutswa ta mkuwa timatsalira pakati, zitsulo ziwirizo osagwirana. Kachitini kawo kakale tinakapeza pa alumali, koma girizi anali atauma gwa. Pulagi nayo inali itadyeka kunsonga, chigawo chake choyera chitang'aluka. Panafunika zatsopano zonse ziwiri.

Choncho Lachinayi ndinapita ku Biwi, kumene munthu ukangotsika minibasi aliyense amadziwa kale chimene galimoto yako ikudwala. Wogulitsa woyamba anandipatsa girizi wachikasu wa mawilo, akulumbira kuti girizi ndi girizi. Ndinamuuza kuti nsalu nayo ndi nsalu, koma sasokera suti ndi chiguduli. Wachiwiri anandifunsa ngati amuna anga akudwala kuti atume ine. Ameneyu sindilemba zimene ndinamuyankha.

Ndinakathera pa kashopu ka bambo wina wa imvi, wodekha, amene anamvetsera mpaka nditamaliza. Anatulutsa timachubu tiwiri, kena ka girizi wofiirira, kena ka wotuwa ngati siliva. Anati onse ndi oletsa kugwirana, koma pa kainjini ngati kathu wa kopa ndi wokwana, ndipo kachubu kamodzi kadzafika kwa zidzukulu. Kenaka anaika mapulagi awiri patebulo.

"Mayi, ndikuuzeni chilungamo," anatero. "Iyi yonyezimirayi anaikuta kale kufakitale. Simupaka chilichonse, opanga ake amachita kuletsa, chifukwa mukapaka imaterera, inu n'kumangitsa mopyola osadziwa. Mukatenga iyi, girizi musiye. Koma yakudayi ndi yachikale, imafuna kupaka pang'ono. Zonse zikwana panjinga yanu. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga yonyezimira, mulibe chintchito."

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, anthu akundidutsa. Bambowo ankanena zoona, ndipo ine ndimakonda zinthu zosavuta. Koma ndinkaona chala cha Ababa chikusisita mazinga aja, ndi nkhope ija. Sabata yonseyo Ababa anali akulankhula chabe, manja ali pamaondo. Yonyezimira ndikanangofika n'kupotoza ndekha, iwo n'kungomva kuti zatheka.

"Mundipatse yakuda, ndi kachubu ka kopa."

Anandiyang'ana, anakweza mapewa, anandikulungira m'pepala.

Kunyumba ndinaika pulagi m'dzanja la Ababa. Anaizunguliza kangapo, kenaka anati ndiwapatse mtengo wa machesi. Ndinafinyira girizi pachivindikiro cha botolo, iwo anatapa kochepa kwambiri, kosakwana mutu wa machesi womwewo.

"Komweko, Ababa?"

"Si ndiwo izi, mayi wanga, kuti uchite kuthira supu."

Anapaka mozungulira m'mazinga, akuyeza ndi chikhadabo. Mazinga awiri akunsonga anawasiya ouma, ndipo nsonga yothetheka moto anaiphimba ndi chala kuti isakhudzidwe, poti girizi akafika pamenepo pulagi siyaka. Manja amene ankanjenjemera pogwira kapu ya tiyi sanagwedere ngakhale pang'ono. Ine ndinangowalondolera dzanja pabowo. Anapotoza ndi zala mpaka inakhala, ndiye n'kupempha sipanala, anakoka pang'ono chabe n'kusiya. Anati yopakidwa samangitsa ngati youma. Lachisanu tinapopa matayala ndi kudzoza tcheni, ndipo petulo ndinakagula madzulo. Ababa anakana kuti tiyese tsiku limenelo, ati mboni zikhalepo.

Loweruka wangolo anafika molawirira, achimwene ali pambuyo pake, aneba n'kuyamba kusuzumira pampanda. Ndinaitulutsa njinga pabwalo, ndinamanga chitenje bwinobwino pamwamba pa buluku, ndinaponda kiki yolizira injini. Zii. Ndinapondanso. Zii. Nditafika kakhumi mwendo unali utalema, wangolo atayamba kumasula chingwe chake, ndipo ine misozi ili pafupi. Achimwene anakanda kumutu, ndipo ndinaona kuti nawonso sizikuwasangalatsa.

Ababa anapendeketsa mutu. "Mayi wanga, petulo watsegula?"

Ndinali ndisanatsegule. Telala weniweni. Ndinatembenuza kampopi kapansi pa thanki, ndinadikira pang'ono, ndinaponda kamodzi, kawiri, kachitatu inatsokomola, n'kubangula. Utsi unadzaza bwalo lonse n'kulowa m'zovala za Amayi zimene zinali pachingwe, koma iwo ndi amene anayamba nthungululu. Achimwene analumpha ngati anali mbali yathu kuyambira kale, akuuza wangolo kuti iwo ankadziwa. Wangolo anapinda chingwe chake, anadya mbatata ndi tiyi, anapita. Nkhuku zinakapeza malo kwa alamu ku Area 23.

Ababa anali chiimire, dzanja pathanki, akumvetsera. Kenaka anati Amayi awatengere jekete ndi chipewa chawo cholimba chija. Achimwene anawathandiza kukwera kumbuyo kwanga. Tinatuluka pageti pang'onopang'ono, tinadutsa pachigayo, tinalowa msewu wafumbi wopita kubwalo la mpira, anthu akuwaitana, iwo akuyankha aliyense pomuzindikira mawu. Sindikumbuka tsiku lina limene ndinakondwa chotero.

Titafika pabwalo anasendeza pakamwa pafupi ndi khutu langa.

"Kodi zonyezimira zija, zosafuna girizi, zinatha ku Biwi?"

Ndinaganiza zonama, koma Ababa sindinayambe ndawanamizapo bwino.

"Zinalipo, Ababa."

Ndinangomva manja awo akundigwira zolimba m'chiuno, chala chimodzi, chimene m'mawawo chinagwiranso kachubu ka girizi, chikusiya kadontho kofiirira pabulauzi yanga yoyera, kamene sindinakachape mpaka lero.

"Ndiye ukuyenderanji ngati uli pamaliro?" anatero. "Onjezera moto, mayi wanga."