Mabuleki a njinga ya buledi

Pa nthawi ya Chitaganya ndinkagwira ntchito yoperekera buledi kunyumba za azungu ku Woodlands. Ndinkakhala ku Kabwata ndi mkazi wanga, ndipo njinga ya kuntchito inkagona kwathu. Inali yakuda, yolemera, yokhala ndi dengu lachitsulo kutsogolo.

Mabuleki ake anali timphira tomwe tinkakanikiza limu ya gudumu ukafinya. Fumbi la mu Lusaka limadya mphira ngati tupa. Mchenga unkalowa pakati n'kumakumba timizere, moti ukakhudza limu chala chinkada bii. Nditadandaula, mwini bekale anati tatsopano tibwera mwezi ukatha.

Lachisanu lina ndinapita kwa mkulu wina wachisilamu wochokera ku Nyasaland, amene ankakonza njinga pafupi ndi msika. Anamasula kamphira kamodzi n'kukakanda ndi chikhadabo. Kanali kosalala, konyezimira.

"Katha aka, achimwene," anatero. "Kapsa, kauma gwa. Padzuwa kagwirako pang'ono, koma limu ikanyowa kazingotsetsereka."

"Ndiye nditani, bambo?"

"Pano ndikupita kukaswali. Mubwere mawa masana ndidzakudulireni tina ku tayala lakale la galimoto."

Koma buledi ankapita m'mawa. Loweruka kunacha ndi mvula yowaza, msewu wa phula uli noninoni. Masiku amenewo m'tauni munali mosakhazikika chifukwa cha misonkhano ya ndale, ndipo apolisi ankatseka misewu mosayembekezereka. Aliyense ankadziwa kuti akakukwezera dzanja, umaima pomwepo.

Ndinkatsika kamtsetse kena, dengu lili tho, pamene ndinakhota n'kuona migolo itaikidwa pamsewu. Panali galimoto ya apolisi, mzungu mmodzi ndi apolisi akuda angapo. Wina wachikulire anakweza dzanja.

Ndinafinya mabuleki onse awiri. Timphira tinangolira kuti siii pa limu yonyowa, njinga osabweza liwiro. Ndinafinyanso mpaka zitsulo zinagunda chogwirira.

"Imilila, iwe," anakuwa wachikulire uja.

Kumbali kunali wapolisi wachinyamata. Ndinamuona akutsitsa mfuti paphewa. Ndinafuna kunena kuti mabuleki akana, koma panalibe mpata. Kwa iwo ndinali munthu wothawa, wonyamula dengu lophimba lomwe sankadziwa za m'kati mwake.

Ndinali nditavala nkhwayila, nsapato zija zodula ku matayala. Ndinaponya mwendo kumbuyo n'kukanikiza phazi pa tayala ndi mphamvu zanga zonse. Mphira ndi mphira zinagwirana. Ndinamva kutentha kukuboola nsapato, kenako gudumu linauma, njinga n'kupita cham'mbali. Ndinagwa n'kukhwekhwereka paphula mpaka mutu unakagunda mgolo. Buledi anamwazika msewu wonse.

Nditatsegula maso, kamwa ya mfuti inali pamwamba panga. Sindinagwedezeke. Mvula inkandigwera m'maso koma sindinayese kupukuta.

Mzungu anafunsa chifukwa chimene sindinaimire. Ndinati, "Mabuleki, bwana." Sanandikhulupirire. Analamula kuti aone chitupa changa ndiponso anyeme buledi, mwina ndabisamo mapepala a ndale. Ananyema mmodzimmodzi, ine ndili chigonere, magazi akutsika m'bondo.

Wapolisi wachikulire uja anadzutsa njinga, nazunguza gudumu lakutsogolo, n'kufinya. Gudumu linapitiriza kuzungulira, madzi akuthothoka. Mzungu anayesa yekha, nayang'ana timphira tija nthawi yaitali. Kenako anangokupiza dzanja kuti ndizipita.

Ndikutola dengu, wachinyamata uja anayandikira.

"Ba mdala," anatero motsitsa mawu, "nenze pafupi kukulasani."

Ankatanthauza kuti anangotsala pang'ono kundiwombera. Ndinakankha njinga wapansi kubwerera ku bekale, nsapato imodzi itadyeka mpaka kuonetsa chidendene. Mwini bekale anamva nkhani yonse, napukusa mutu, n'kudzazanso dengu. Ndinakapereka buledi ameneyo ndikukankha, ndikutsimphina, ndipo kukhomo lina wophika anandikalipira kuti ndachedwa.

Madzulo mkazi wanga anandichotsa timiyala m'bondo ndi singano, ine ndikumufotokozera. Nditafika pa mawu a wapolisi uja, anaika singano pansi. M'mawa mwake, tisanapite kutchalitchi, anapita kwa mlongo wake amene ankagwira ntchito kunjanji kukam'pempha kuti andifunire malo. Mwezi wotsatira ndinayamba kutsitsa katundu pasiteshoni.