Ndinalira Maliro a Eni Chifukwa cha Njiwa

Chaka chomwe ndinkachita kafukufuku wa maphunziro anga apamwamba, ntchito yanga inali kutsata njiwa mu Lichinga. Funso lake linali lakuti, mzinda ukamakula, nyumba za malata zikamadya minda ya chimanga ndi mbatatesi, kodi njiwa zimaswera momwemo kapena zimangobwera kudzatola chakudya n'kubwerera kutchire? Ndinkazikola ndi ukonde, kuzimangirira kachipangizo kumsana, kokhala ndi kawaya ngati ndevu ya mlamba, kenako n'kuzimasula. Kachipangizoko kankalira pa wailesi yomwe ndinkayenda nayo, ndipo antena inkandilozera komwe mbalameyo ili.

Tizipangizoto tinali tochepa, tobwereka kusukulu, ndipo njiwa zanga zinatha imodziimodzi. Ina inagwidwa ndi mphaka ku Assumane. Ina ndinapeza nthenga zokhazokha pamsewu wotsikira ku Meponda. Kwathu kuno munthu akaona njiwa amaona ndiwo, inenso ndinakula ndikuzidya, koma masiku amenewo ndinkapsa mtima ndi aliyense wonyamula legeni. Inatsala imodzi, yaikazi. Aphunzitsi anga anali atandiuza mosapita m'mbali kuti popanda chisa ngakhale chimodzi cha m'tauni, chaka chonsecho chapita pachabe ndipo malo anga apatsidwa kwa wina.

Ndiye njiwa ija inasiya kuyenda. Masiku angapo ndikakweza antena, inkaloza malo amodzimodzi ku Chiuaula. Njiwa yamoyo imapita kukadya, imapita kukamwa. Ikakhazikika pamalo amodzi, kawirikawiri ndiye kuti inalowa kale mumphika ndipo kachipangizo kali kudzala. Ndinanyamuka m'mawa wina kozizira, mtima uli m'mwamba, kuti ndikaone ndi maso anga.

Wailesi inanditsogolera m'tinjira ta pakati pa mipanda mpaka kulira kwake kunakula. Nditakhota pangodya ndinaona amuna atakhala pamphasa, zisoti kumutu, ndipo mkati mwa mpanda amayi ankalira. Antena inkaloza nyumba ya maliro yomweyo. Maliro sawadutsa ngati mlatho, ndipo sungafikepo utakweza zitsulo kumwamba n'kumafunsa za mbalame. Ndinazimitsa wailesi, ndinapinda antena, zonse ndinazikulunga mukapulana, chitenje cha kwathu kuno, ina n'kufunda kumutu. Ndinati ndikhale nawo pang'ono, ndidzabwerenso zikadzatha.

Chomwe chinandigulitsa ndi pakamwa. Ndinabadwira ku Malawi makolo anga atathawa nkhondo, ndipo Chinyanja changa chimamvekabe cha kutsidyako. Nditangogwada n'kunena kuti pepani, mayi wina wonenepa anadzuka n'kundikumbatira.

"Wafika! Mwana wa ku Malawi uja wafika!"

Pambuyo pake ndinamva kuti malemuwo anasiya mwana wamkazi kutsidyako nthawi ya nkhondo, ndipo ankamuyembekeza tsiku lomwelo. Ambiri pamenepo anali asanamuonepo. Ndisanatsegule pakamwa, mtolo wanga anaulandira ngati katundu wa paulendo, ine n'kundikokera m'nyumba, kukandikhazika pambali pa mayi wamasiye. Onse anayambiranso kulira akundiyang'ana. Ndikanatani? Ndinalira. Sinali misozi yonamizira ayi. Ndinalirira njiwa yanga, chaka changa, ndi bambo anga omwe tinawasiya m'manda a dziko la eni.

Amuna atanyamula thupi kupita kumanda, m'nyumba munakhala bata. Apo n'kuti mayi wonenepa uja atatsamira mtolo wanga. Wailesi inayaka: thi! thi! thi! Amayi analumpha, wina anatayira tiyi pamphasa. Panalibenso kobisala. Ndinamasula kapulana, ndinaonetsa zitsulo zanga, n'kufotokoza kuti ine si mwana wa malemu, ndine wa sukulu, ndikufunafuna njiwa yokhala ndi kawaya kumsana.

"Njiwa?" anakalipa mayi wonenepa uja. "Anthu tikulira, inu mwabwera kudzasaka mbalame? Tiyi wathu mwamwanso!"

Mayi wamasiye anakweza dzanja, onse n'kukhala chete. Anali wachikulire, maso atatupa.

"Msiyeni. Ine ndinadziwa atangolowa. Mwana wa bambo uja ndi wamfupi, makutu ake ngati a bambo ake. Koma uyu amalira bwino, ndiye ndinati alire." Kenako anatembenukira kwa ine. "Mwanangu, njiwa ya wayayo ndi yako?"

Ndinavomera. Ndinali nditakonzeka kumva kuti inali yonona.

Anadzuka pang'onopang'ono n'kundigwira mkono. Tikuyenda anandiuza kuti amuna awo akabwera kumzikiti m'mawa ankawaza misere kuseri kwa khitchini, njiwa n'kumatera. Ya wayayo itayamba kubwera ankayesa kuti yapulumuka pamsampha. Achinansi anafuna kuikola, malemuwo n'kuwaletsa, amvekere, mlendo wolowa yekha pakhomo sadyedwa. Chiyambireni njiwayo sinachokenso, poti chakudya chinali pomwepo, madzi pomwepo.

"Yang'ana apo," anatero akuloza pansi pa malata.

Pamtanda wa denga panali timitengo tosanjikiza mosasamala, monga zimamangira njiwa. Pamwamba pake panali mbalame yanga, itafungatira, diso lili pa ife, kawaya katatulukira kumchira. Ndinakhala pansi pafumbi. Ndinkafuna kuseka, koma pamaliro saseka, ndiye ndinangophimba nkhope ndi kapulana mapewa akugwedezeka. Amayi omwe ankasuzumira anayesa kuti ndayambiranso kulira.

"Manja omwe ankaiwazira misere apita kumanda," anatero mayi wamasiye. "Ine ndikulowa masiku anga aumasiye okhala m'nyumba osatuluka. Mawa idzadya chiyani?"

Kusukulu amatiletsa kudyetsa nyama zomwe tikuzifufuza. Koma ndinaganiza kuti misere ya malemuwo ndi yomwe inasunga njiwayo m'tauni, ndipo kusiya kuwaza misereyo ndiko kukanasintha zinthu. Ndinazilemba momwemo m'kafukufuku wanga, aphunzitsi anang'ung'udza koma anavomera.

Mawa lake ndinafika ndi misere m'kathumba. Ndinapeza mwana weniweni uja atafika, wamfupi ndithu, makutu osafunsa. Anali atamva kale nkhani yanga, ndipo anandipatsa moni akuti, "Mana, mchemwali wanga, ndamva munandilirira dzulo, zikomo." Tsiku lomwelo njiwa yaimuna ikulowa m'malo mwa yanga ija pachisa, ndinaona mazira awiri oyera.

Ndinapitabe m'mawa uliwonse mpaka maunda atauluka, ndipo malo anga kusukulu sanapatsidwe kwa wina. Mwana weniweniyo anabwerera kwawo sabata isanathe. Koma ine ndikangokankha chitseko cha mpanda, mayi wamasiye uja ankasuzumira pazenera n'kuuza a m'nyumbamo kuti, "Ikani tiyi, mwana wa ku Malawi uja wafika."